ProZorro: tenda za boma la Ukraine zomwe mungazione muli pa Area 25

Amene anapikisanapo pa tenda ya boma kuno ku Lilongwe amaidziwa njira yake. Mumaona chilengezo mu The Nation kapena The Daily Times, mumapita kukagula chikalata cha tenda, mumasonkhanitsa chiphaso cha msonkho cha MRA, satifiketi ya PPDA (bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma), ya bungwe loyang'anira zomangamanga ngati ndi ntchito yomanga, ndi kalata ya chikole yochokera kubanki, n'kumata zonse mu envelopu. Tsiku lotseka mumathamangira ku Capital Hill kukaponya m'bokosi nthawi isanakwane. Mitengo imawerengedwa pamaso pa amene abwera, kenako zii. Pakapita miyezi mumaona m'nyuzi kuti ntchito yapita kwa uje, ndipo chomwe inu munagwera mumachita kufunsa ndi kalata. Zikalata za mnzanu amene wapambanayo simudzaziona.

Ku Ukraine bokosi limenelo analichotsa. Boma la kumeneko limagula katundu ndi ntchito kudzera pa dongosolo la pa intaneti lotchedwa ProZorro, dzina lochokera ku mawu a Chiyukireni otanthauza chinthu choonekera mkati ngati galasi. Tsamba lake ndi prozorro.gov.ua, ndipo chatichititsa kulemba ndi chakuti limatsegukira aliyense. Simulembetsa, simulipira, sakufunsani kuti ndinu yani. Munthu wa foni ndi bandulo ali pa Area 25 angathe kuona kuti chipatala cha boma ku Lviv kapena ku Odesa chagula mankhwala kwa yani, pa mtengo wanji, anapikisana nawo ndi ndani, ndipo amene anagwa anagwa chifukwa chiyani. Tinene msanga maganizo athu: kwa ogula zinthu m'maofesi a boma, atolankhani, makontrakitala ndi mabungwe olondoloza ndalama za misonkho, ichi ndi chida choyenera kuchitsegula ndi kuchiphunzira. Kuba sichithetsa. Chimene chimachita bwino ndi kukakamiza wakubayo kuti asiye mapazi poti aliyense awaone.

Dzanja la munthu wa kubanki

Kuti mumvetse chifukwa chake dongosololi linamangidwa momwe lililimu, muyenera kudziwa amene analikankha. Maksym Nefyodov anabadwa mu 1984 ku Kyiv, ndipo asanalowe m'boma ankagwira ntchito m'banki za mtundu uja wogulitsa ndi kugula makampani ndi masheya, osati zosungitsako malipiro a pamwezi. Anadutsa ku Dragon Capital, kenako ku Icon Private Equity. Zionetsero za pa bwalo la Maidan ku Kyiv zitathamangitsa pulezidenti Viktor Yanukovych mu Febuluwale 2014, kagulu ka anthu ongodzipereka, wodziwika kwambiri mwa iwo ali Oleksandr Starodubtsev, kanayamba kumanga njira yatsopano yogulira zinthu za boma. Anathandizidwa ndi Tato Urjumelashvili ndi David Marghania a ku Georgia, dziko lomwe linali litayamba kale tenda za pa intaneti mu 2010. Poyamba dongosololi silinali m'manja mwa boma n'komwe: linasungidwa ndi bungwe la Transparency International Ukraine, lomwe pambuyo pake linalipereka ku boma.

Kuyesa koyamba kunachitika mu Febuluwale 2015, mwezi womwewo umene Nefyodov anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa nduna ya zachuma ndi malonda, pansi pa Aivaras Abromavičius. Ntchito yake inali kusandutsa chinthu cha anthu ongodzipereka kukhala lamulo. Nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la kagulidwe ka zinthu za boma pa 25 Disembala 2015. Kuyambira pa 1 Epulo 2016 maunduna ndi makampani aakulu a boma anakakamizidwa kugulira pa ProZorro, ndipo pa 1 Ogasiti chaka chomwecho lamulo linagwira ofesi iliyonse, mpaka makhonsolo ndi masukulu. Abromavičius anatula pansi udindo mu Febuluwale 2016 akudandaula kuti andale akulowerera ntchito yake. M'malo mwake munalowa Stepan Kubiv, nayenso munthu wa kubanki, amene anatsogolerapo Kredobank ndi banki yaikulu ya dzikolo. Nefyodov anakhalabe mu undunawo mpaka 2019, pamene anamupatsa kuyang'anira bungwe la misonkho ya m'zipata za dziko. Kumeneko sanathe chaka: analowa mu Julayi 2019, anamuchotsa mu Epulo 2020. Kumapeto kwa chaka chimenecho anasankhidwa kukhala khansala wa mzinda wa Kyiv pa tikiti ya chipani cha Holos.

Munthuyo anachoka, nduna zinasinthana, boma linasintha mu 2019, koma ProZorro inatsala. Chifukwa chake chili m'kamangidwe kake, ndipo m'menemo ndi momwe dzanja la munthu wa msika wa masheya likuonekera. Amene anagulapo masheya pa Malawi Stock Exchange amadziwa kuti supita wekha kukagula. Umadzera kwa broker, koma malonda onse amakalembedwa pamalo amodzi. ProZorro ndi chimodzimodzi. Boma lili ndi nkhokwe imodzi yosunga chilichonse, pamodzi ndi makina oyendetsa okushoni. Zipata zolowera m'nkhokwemo ndi za makampani wamba ovomerezedwa, monga SmartTender, E-Tender, Newtend ndi Zakupivli.pro. Ofesi ya boma imalengeza tenda kudzera pa chipata chomwe yakonda, ndipo nthawi yomweyo tendayo imaonekera pa zipata zina zonse. Kontrakitala nayenso amasankha chipata chake.

Ubwino wake ndi uwu. Chipata chimapeza ndalama pokhapokha wamalonda akaponya mtengo, choncho makampaniwa amachita kusaka amalonda, kuwaimbira foni, kuwaphunzitsa kudzaza zikalata, kuti opikisana achuluke. Ntchito imeneyo ofesi ya boma siingaigwire ndi changu chotere. Chachiwiri, palibe bwana mmodzi amene angabise tenda, chifukwa ikangolowa m'nkhokwe yafalikira kale ponseponse. Malamulo a pakompyuta omangira dongosololi nawonso ali poyera, ndipo Moldova inatengerako pomanga MTender yake. Mu 2016 ProZorro inalandira mphoto ziwiri zikuluzikulu, World Procurement Award ku London ndi Open Government Award ku Paris.

Kulitsegula muli kuno

Tsambali lili ndi batani losinthira ku Chingerezi, koma musayembekezere zambiri: mitu ndi mabatani zimasintha, pomwe mayina a katundu ndi zikalata zimakhalabe m'Chiyukireni. Chothandiza ndi kutsegula pa Chrome n'kulola kuti imasulire tsamba lonse. Kusaka ndi mawu a Chingerezi kumabweretsa zochepa kwambiri. Sakani ndi nambala. Katundu aliyense ali ndi nambala yake yofanana ndi ya ku European Union, yomwe kumeneko amaitcha DK 021:2015. Feteleza ndi 24400000-8, dizilo ndi 09134200-9, mankhwala a kuchipatala ndi 33600000-6, mapepala osindikizira ndi 30197630-1, mazira ndi 03142500-3, kukonza misewu ndi 45233142-6. Ofesi iliyonse ndi kampani iliyonse ilinso ndi nambala ya manambala asanu ndi atatu yotchedwa EDRPOU. Mukaikopera n'kuiika posakira, mumaona tenda zonse zomwe kampaniyo inalowa. Tenda iliyonse ili ndi chizindikiro choyamba ndi UA, kenako chaka, mwezi ndi tsiku lomwe inalengezedwa.

Mukatsegula tenda imodzi mumapeza mtengo womwe ofesi inkayembekezera, chikalata cha tenda, mafunso omwe amalonda anafunsa ndi mayankho ake, mitengo ya onse asanayambe okushoni ndi atamaliza, zikalata zomwe aliyense anapereka, chigamulo cha ofesi pa aliyense, kontrakiti yosainidwa, ndi zosintha zonse zomwe zinabwera pambuyo. Vuto lalikulu kwa ife ndi lakuti zikalata zambiri ndi mapepala ochita kujambula, okhala ndi chidindo ndi siginecha, omwe Chrome siingawerenge. Pamenepo mumafunika Google Lens kapena pulogalamu ina yowerenga zithunzi, ndipo mafayilo ena ndi olemera moti pa bandulo ya tsiku amakutherani msanga. Pa foni tsamba limayenda, koma gawo lowerengetsera ziwerengero, bi.prozorro.org, limafuna laputopu ndi netiweki yokhazikika.

Okushoni yotsika

Ku Kanengo, pa okushoni ya fodya, ogula amapikisana kukweza mtengo. Apa ogulitsa ndiwo amapikisana kutsitsa, ndipo malamulo ake anaganiziridwa mozama kuposa momwe amaonekera. Nkhondo yaikulu ya Russia ya 2022 isanayambe, tenda yotseguka inkapereka masiku osachepera 15 oti amalonda aponye mitengo. Mpaka nthawiyo ithe, ngakhale ofesi yogulayo siidziwa kuti aponya ndi angati kapena ndi ayani. Tsiku la okushoni limasankhidwa ndi makina. Opikisana amaonekera ndi manambala okha, wopikisana 1, wopikisana 2, ndipo aliyense wakunja angathe kuonerera.

Ndime zimakhala zitatu. M'ndime iliyonse munthu amapatsidwa mphindi ziwiri zoti atsitse mtengo wake kapena ausiye. Kutsitsako kuli ndi mlingo wochepetsetsa womwe ofesi imaika, pakati pa theka la peresenti ndi 3 peresenti ya mtengo woyembekezeka, ndipo amawerengera kuchokera pa mtengo wanu womwe, osati wa mnzanu. Chofunika kwambiri ndi ndondomeko ya kayankhulidwe: wa mtengo wokwera amayamba, wa mtengo wotsikitsitsa amamalizira.

Tiyerekeze tenda ya 1,000,000 hryvnia (ndalama ya ku Ukraine), mlingo wotsitsira 10,000. Kampani yoyamba yaponya 980,000, yachiwiri 950,000, yachitatu 900,000. Ya 980,000 ndiyo imayamba, ndipo imatsitsa isakudziwa chomwe anzake achite. Ya 900,000 imayankha itaona onse. M'ndime yachiwiri makina amawasanjanso malinga ndi mitengo yatsopano, chimodzimodzinso yachitatu. Ndiye amene walowa ndime yomaliza ali pansi pa onse ndiye ali ndi mawu omaliza: mnzake akamudutsa, iye amatsitsa pang'ono n'kutenga ntchito, akapanda kumudutsa, sataya ngakhale tambala. Chimenechi chimachititsa kuti munthu asayambe ndi mtengo wonenepa poganiza kuti adzatsitsa kutsogolo. Mitengo ikafanana, amene anaponya msanga ndiye ali patsogolo. Olakwitsa ambiri amalakwira apa: amalowa osawerengeratu mtengo womwe sangatsike kupitirira, mtima umatentha m'mphindi ziwiri zija, n'kupambana ntchito yowalowetsa m'ngongole.

Okushoni ikatha mayina ndi zikalata zonse zimatseguka. Ofesi siunika onse. Imayamba ndi wotsikitsitsa yekha, ndipo ili ndi masiku asanu a ntchito, omwe ingaonjezere mpaka 20 ikalemba chifukwa. Akakwanira, wapambana, akalephera, ofesi imalemba poyera chomwe walepherera n'kupita kwa wotsatira. Izi zimapulumutsa nthawi kwambiri poyerekeza ndi komiti yokhala sabata yathunthu kunyanja ikuunika mafayilo makumi atatu. Zina zosakhudza mtengo, monga kutalika kwa galanti, zimaloledwa kulowa m'masamu, koma siziposa 30 peresenti. Tenda zikuluzikulu, zopitirira 133,000 euro pa katundu kapena 5.15 miliyoni euro pa zomangamanga, lamulo linazipatsa masiku 30, chilengezo cha m'Chingerezi, ndi kuunika zikalata okushoni isanachitike.

Za ndalama: ofesi ya boma siilipira kanthu. Wamalonda ndiye amalipira chipata pa mtengo uliwonse womwe waponya, ndipo pamene dongosolo linkayamba zinali kuchokera pa 17 hryvnia pa tenda zazing'ono mpaka 1,700 pa zopitirira miliyoni imodzi. Chikole cholowera sichiposa 3 peresenti pa katundu ndi theka la peresenti pa zomangamanga. Chikole chogwirira ntchito sichiposa 5 peresenti.

Wodandaula amapita ku Antimonopoly Committee, bungwe loona za mpikisano, osati ku ofesi yomwe yamugwetsa. Dandaulo limalowa pa intaneti pomwepo, ndipo likangolandiridwa makina amatseka tendayo: kontrakiti siingasainidwe mpaka chigamulo chituluke. Poyamba malipiro anali 5,000 hryvnia pa katundu ndi 15,000 pa zomanga, ndipo anthu ena anasandutsa kudandaula kukhala bizinesi, kutseka tenda ya mamiliyoni ndi ndalama yochepa kuti wopambana abwere kudzawanyengerera. Kuyambira 2020 malipiro amatengera kukula kwa tenda, 0.3 peresenti potsutsa zomwe zalembedwa m'chikalata ndi 0.6 peresenti potsutsa chigamulo, ndipo amabwezedwa mukapambana. Gawo limeneli ndi limene tikuliyamikira kuposa okushoni.

Pomwe zimavuta

Okushoni imateteza mphindi zochepa chabe za ulendo wautali. Katangale amadikira kutsogolo ndi kumbuyo kwake.

Kutsogolo ndi pa specification, mndandanda wa zomwe katundu kapena wamalonda ayenera kukwaniritsa. Ofesi ikafuna kupatsa mnzake ntchito, imalemba zofunika zomwe kampani imodzi yokha ingakwanitse: kutalika kwa galimoto mpaka pa milimita, kalata yochokera kwa wopanga katundu yomwe amapatsa dilala mmodzi, nyumba yosungiramo katundu yomwe ili mtunda wakutiwakuti kuchokera pa ofesi. Makina saona vuto pamenepo. Amaona ndi wamalonda amene wawerenga n'kufunsa funso poyera, kapena kudandaula nthawi isanathe. Njira ina ndi kuduladula. Lamulo la 2015 linkakakamiza tenda yotseguka kuyambira pa 200,000 hryvnia pa katundu ndi 1.5 miliyoni pa zomanga, ndipo makontrakiti a 199,000 anachuluka modabwitsa. Kusintha kwa lamulo komwe kunayamba kugwira ntchito pa 19 Epulo 2020 kunatsitsa mpanda: kuyambira pa 50,000 hryvnia pankafunika kampikisano kofupikitsidwa. Ife a kuno tikuidziwa njira imeneyi m'makotesheni atatu ochokera m'thumba limodzi.

Pakati pali kugwirizana kwa amalonda. Popeza tenda inkafuna opikisana awiri kuti ipitirire, munthu ankabwera ndi kampani ya mlamu wake kudzangodzaza mpando. Chizindikiro chake ndi okushoni yomwe palibe amene watsitsa ngakhale kamodzi, mitengo iwiri yosiyana pang'ono pansi penipeni pa mtengo woyembekezeka. Popeza zikalata zili poyera, amagwidwa ndi tinthu ting'onoting'ono: cholakwika cha kalembedwe chofanana m'makalata a makampani awiri, nambala ya foni imodzi, mafayilo opangidwa pa kompyuta imodzi, zikole zotengedwa kubanki imodzi tsiku limodzi manambala ali otsatizana. Antimonopoly Committee ikapeza zotere imalipiritsa chindapusa ndipo kampaniyo imaletsedwa kulowa tenda kwa zaka zitatu.

Kugwetsa munthu pa kanthu kachabechabe kunalinso kofala, tsamba limodzi lopanda chidindo basi, kuti ntchito itsetserekere kwa wokwera mtengo. Lamulo la 2020 linapatsa wamalonda maola 24 okonza zolakwika zina m'zikalata. Linabweretsanso muyeso wa mtengo wotsika mokayikitsa: ukakhala pansi ndi 40 peresenti poyerekeza ndi avereji ya anzako poyambira, kapena ndi 30 peresenti poyerekeza ndi wotsatira pomaliza, makina amaika chizindikiro ndipo uli ndi tsiku limodzi la ntchito loti ufotokoze.

Kumbuyo ndi kumene kumatayika ndalama zambiri, ndipo apa tikhalitsepo chifukwa ndi pomwe a Malawi tingapunthwe. Lamulo limalola kukweza mtengo wa chinthu chimodzi mpaka 10 peresenti ngati mitengo yasintha pa msika, bola ndalama yonse ya kontrakiti isakwere. Ndiye ogulitsa gasi ndi mafuta anaphunzira kupambana ndi mtengo wotsikitsitsa, n'kubwera pakatha sabata ziwiri ndi kalata yoti msika wakwera. Addendum yoyamba, kutanthauza chikalata chosintha kontrakiti, 10 peresenti. Mwezi wotsatira ina. Ndalama ya kontrakiti ili pomwepo, koma malita akuchepa, ndipo pofika addendum yachisanu mtengo wa lita wadutsa wa uja anagwa pa okushoni. Mu 2020 anaika malire akuti kukweza kuzichitika kamodzi pa masiku 90, koma petulo, dizilo, gasi ndi magetsi anazisiya kunja kwa malirewo. Choncho mukamaunika tenda iliyonse, musaime pa dzina la wopambana. Tsikirani pansi pa kontrakiti, werengani zosintha zonse, gawani ndalama ndi kuchuluka kwa katundu wotsala, n'kuyerekeza ndi mtengo wa amene anali wachiwiri. Kuno, kumene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023 ndipo ndalama zakunja zimasowa, kontrakitala woona mtima amafunadi kusintha mtengo. N'chifukwa chake zosinthazo ziyenera kukhala poyera, kuti woona mtima asiyanitsidwe ndi wochenjera.

Chomwe ProZorro siionetsa n'komwe ndi katundu weniweniyo. Kaya mabedi anafika kuchipatala, kaya phula ndi lokhuthala monga analembera, tsamba silingakuuzeni. Ndalama zomwe zatuluka ku Treasury zimaonekera pa tsamba lina, spending.gov.ua, ndipo muyenera kulumikiza nokha ziwirizi pogwiritsa ntchito nambala ya EDRPOU ija.

Nkhondo ndi mazira

Russia italowa ndi nkhondo yaikulu pa 24 Febuluwale 2022, boma linalola maofesi kugula mwachindunji popanda mpikisano. Mu Okutobala chaka chomwecho linabwezeretsa tenda zotseguka koma zofupikitsidwa: masiku 7 m'malo mwa 15, ndipo wopikisana mmodzi akukwanira. Kumayambiriro kwa 2023, mabomba atawononga malo opangira magetsi, okushoni inaimitsidwa kwa miyezi ingapo chifukwa munthu sangapikisane m'mphindi ziwiri magetsi ali othima. Mtengo woyamba ndiwo unkakhala womaliza. Amene akuganiza zobweretsa okushoni yotereyi kuno ayenera kuiganizira mfundo imeneyi, chifukwa kontrakitala wa ku Mchinji kapena ku Dowa angataye ntchito netiweki itangodukira pa ndime yachitatu. Dziwaninso kuti zina zokhudza asilikali ndi malo ofunika pa chitetezo n'zobisika tsopano, choncho zaka zabwino kuphunzirirapo dongosolo lonse ndi 2017 mpaka 2021.

Umboni wamphamvu wa phindu la ProZorro unabwera pamene inalibe. Mu Januwale 2023 mtolankhani Yurii Nikolov anatulutsa mu nyuzi ya ZN.UA kontrakiti ya chakudya cha asilikali yoposa 13 biliyoni hryvnia, yomwe inasainidwa mwachinsinsi. Dzira limodzi linalembedwa 17 hryvnia pomwe m'masitolo a ku Kyiv linali pafupifupi 7. Wachiwiri kwa nduna ya chitetezo, Vyacheslav Shapovalov, anatula pansi udindo patangopita masiku ochepa, ndipo nyumba ya malamulo inalamula kuti mitengo ya zinthu za asilikali zosakhala zida izilengezedwa poyera. Chinaululitsa nkhaniyi si makina anzeru. Ndi mtengo wa chinthu chimodzi, womwe mayi aliyense wogula mazira angathe kuuyerekeza.

Tikumbukire zathu. IFMIS, dongosolo la pakompyuta loyendetsera ndalama za boma, inalipo mu 2013 pamene ndalama za Cashgate zinkatuluka kupita ku makampani omwe sanapereke kanthu. Inali kompyuta, koma yoonedwa ndi a mkati okha. Mu 2022 K750 miliyoni ya feteleza wa AIP inalipiridwa ku kampani ya ku UK yomwe ntchito yake sinali ya feteleza. Kontrakiti imeneyo ikanakhala pa tsamba lotseguka tsiku losainira, ndi dzina la kampani, munthu mmodzi wa laputopu akanatha kuifufuza m'kaundula wa makampani wa ku UK, amene ndi waulere, madzulo amodzi.

Maso ndiye amafunika, ndipo a ku Ukraine anawakonzera malo. Mu Novembala 2016 Transparency International Ukraine inatsegula dozorro.org, pomwe wamalonda kapena nzika imalemba ndemanga pa tenda iliyonse, ndipo mabungwe a m'zigawo amatsatira n'kulembera makalata ofesi zoyenera. Kuyambira 2018 ofesi ya boma yofufuza za chuma imagwiritsa ntchito zizindikiro zodziyendera zokha kusankha tenda zokaunika. Kufooka kulipo apanso: kupeza cholakwa n'kosavuta, koma kuti munthu alangidwe zimadalira apolisi ndi makhoti, omwe ProZorro siiwafikira.

Pali mphukira ina yomwe ikugwirizana ndi mbiri ya anthu a kubanki aja. Pakati pa 2014 ndi 2017 banki zambirimbiri za ku Ukraine zinatsekedwa, ndipo bungwe loteteza ndalama za osunga linatsala ndi nyumba, magalimoto ndi ngongole zoti ligulitse. Mu 2016 anamanga Prozorro.Sale pa maziko omwewo, koma mtengo ukukwera ngati ku Kanengo. Pambuyo pake anayamba kugulitsirapo katundu wa boma, kubwereketsa nyumba ndi malo. Dzina la PPDA lili ndi mbali yotaya katundu wakale wa boma, ndipo magalimoto a boma ogulitsidwa motchipa kwa odziwana nawo angapindule ndi njira yotere msanga kuposa tenda zikuluzikulu.

Kwa yani, ndipo motani

Kampani ya ku Malawi yofuna kugulitsa ku Ukraine isadzivutitse kwambiri. Akunja amaloledwa, koma zikalata zimafunika m'Chiyukireni, pa makina ena pali lamulo lokondera zopangidwa m'dzikomo, ndipo mtunda wokha ukudya phindu. Mitengo ya kumeneko musaitengenso ngati muyeso wa kuno mwachindunji. Katundu wathu amadzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo mtengo wa pa ProZorro nthawi zambiri umakhala ndi VAT ya 20 peresenti mkati. Pa mankhwala ndi zipangizo za kuchipatala zopangidwa ndi makampani omwewo amene amagulitsa kuno, kuyerekezako kumathandizabe kuona ngati kusiyana kuli kwa mayendedwe kapena kwa china.

Opindula enieni ndi atatu. A m'ma IPDC, makomiti ogula zinthu m'maofesi a boma, ndi maofesala ogula zinthu angaone momwe anzawo amalembera specification ya ambulansi, jenereta kapena mapaipi, ndi mafunso omwe amalonda anafunsa, omwe amaulula pomwe chikalata chinali chokondera. Atolankhani ndi mabungwe angaphunzire kuwerenga mapazi a chinyengo pa zitsanzo zenizeni zikwizikwi. Ndipo aliyense wotsatira MANEPS, dongosolo la pa intaneti lomwe PPDA yayamba, angapeze mafunso oyenera kufunsa. Kodi munthu wopanda pasiwedi angaone tenda? Kodi zikalata za wopambana zikutseguka, kapena dzina lake lokha? Kodi mtengo wa chinthu chimodzi ukulembedwa, thumba limodzi, lita imodzi, dzira limodzi? Kodi addendum iliyonse ikuikidwa pansi pa kontrakiti yake? Kodi dandaulo likuimitsa kusaina? Kodi ziwerengero zonse zingakopedwe nthawi imodzi, kapena munthu azitsegula tsamba limodzilimodzi? Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito kuno mu Seputembala 2020, koma limafuna kuti mulembe kalata ndi kudikira, pomwe pa ProZorro chikalata chimakhala chilipo musanachifune.

Poyambira pabwino ndi apa: ikani 09134200-9 posakira, sankhani chaka cha 2021, tsegulani tenda ya dizilo yomwe inatha, n'kutsikira pa zosintha za kontrakiti. Lembani mtengo wa lita pa tsiku la okushoni ndi mtengo wa lita pa addendum yomaliza, kenako bwererani pamwamba mukaone kuti wachiwiri uja anaponya zingati.